Kodi jazi imadyetsa munthu? Yankho kwa bambo a ku Mufakose

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Mufakose, dera la mu Harare muno ku Zimbabwe, mwana wa matchona ngati ine, amene makolo awo anachokera ku Dedza. Dzina lawo ndalisunga. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi woliza kiyibodi kutchalitchi ndipo akumaliza Form 6, anawakokera ku chikondwerero cha jazi ku Alliance Française, malo a chikhalidwe cha Chifalansa, pa msewu wa Herbert Chitepo paja. Akuti anasangalala ndithu, koma pobwerera mtsikanayo anawauza m'kombi momwemo kuti za akaunti sakuzifunanso, mtima wake uli pa nyimbo. Ndiye bambowo akufunsa kuti: "Anthu tinawaona pasiteji aja ndi ndani kwenikweni? Anaphunzira kuti? Nanga amadya chiyani, poti nyimbo zawo sindinazimvepo m'kombi?"

Bambo, funso lomalizalo landiseketsa, koma ndi pamene pagona nkhani. Ndikuyankheni mosabisa: mu Harare muno ndi anthu owerengeka okha amene jazi payokha inawadyetsapo. Ambiri a amene munawaombera m'manja aja ali ndi ntchito ina, kapena amaimbira anthu ena sabata yonse kuti tsiku limodzi aimbe zakumtima kwawo. Musaganize kuti zayamba ndi mavuto a zachuma a masiku ano. Zinali choncho kuyambira kale, ndipo mbiri ya anthu ake ikuchitira umboni.

Tiyambire pa a August Musarurwa. Iwowa poyamba ankagwira ntchito yomasulira mawu kupolisi. Kenako anapezeka ku Bulawayo akuliza sakisofoni mu bandi ya Cold Storage Commission, kampani ya nyama ija. Mumvetse bwino pamenepa, bandiyo inkadziwika ndi dzina la kampani. M'menemo ndi mmene munatuluka Skokiaan, nyimbo imene inatenga dzina la mowa woletsedwa wa m'makomboni, ndipo mu 1954 inagwira moto ku America mpaka Louis Armstrong, katswiri wa jazi wa kumeneko, anaijambula naye. Armstrong atabwera kuno mu 1960 anakumana ndi mwini nyimboyo maso ndi maso. A Musarurwa anamwalira mu 1968.

N'chifukwa chiyani kampani? Lipenga ndi sakisofoni ndi zida zodula, ndipo munthu wakuda wa nthawi imeneyo sakanazigula ndi malipiro ake. Amene anali nazo anali apolisi, asilikali, matchalitchi monga Salvation Army, makampani ndi migodi. Wofuna kuliza lipenga ankalowera makomo amenewo. Ngakhale a Thomas Mapfumo, amene si a jazi, anadutsa mu Hallelujah Chicken Run Band, bandi imene inakhazikitsidwa pa mgodi wa Mhangura m'zaka za m'ma 1970 kuti izisangalatsa anthu ogwira ntchito pamenepo. Ndipo inu mukudziwa kuti m'makomboni a m'migodi munkakhala ndani. Agogo athu omwe.

Kuno ku Harare nkhani inali ku Mbare, m'maholo a Mai Musodzi ndi Stodart. Magulu monga De Black Evening Follies, City Quads ndi Epworth Theatrical Strutters ankavala masuti ofanana, kuimba mawu anayi motsanzira a Mills Brothers a ku America, kusakaniza ndi mayimbidwe a tsaba-tsaba ndi marabi, kuvina ndi kuchita timasewero. Masana anthu omwewo ankakhala kuntchito za m'tauni, usiku n'kukhala mafumu a siteji. Mayi Joyce Jenje Makwenda anathera zaka zambiri akufufuza ndi kulemba mbiri ya anthu amenewa, ndipo pakanapanda iwo mayina ambiri akanapita ndi eni ake kumanda.

Pali dzina limodzi limene ndikufuna mwana wanu alidziwe. A Kenneth Mattaka, amene ambiri amawatcha kholo la nyimbo za m'matauni a dziko lino, anabadwira ku Nyasaland. Anaphunzira ku Domboshava, ndipo m'zaka za m'ma 1930 anali kale akutsogolera gulu la Bantu Actors. Akazi awo, mayi Lina Mattaka, anali m'gulu la amayi oyamba kukwera pasiteji, pa nthawi imene mkazi woimba m'holo ankanenedwa mayina oipa. Onjezanipo abale awiri aja, Daniel ndi Donald Kachamba. Banja lawo linakhala mu Salisbury muno, dzina lakale la Harare, m'zaka za m'ma 1950, ndipo nyimbo za kwela anazimvera m'misewu yomweyi asanabwerere kwawo ku Chileka mu 1961, kumene anakazisandutsa nyimbo zimene zinawafikitsa ku Ulaya. Ndimatopa ndi anthu oganiza kuti ife a Chichewa gawo lathu ndi sungura ya a Alick Macheso ndi a Nicholas Zakaria basi. Sungura ndi yathu, inde, ndipo ndimaivina, koma m'nyumba ya jazi sitinalowe ngati alendo.

Amene anadyadi za mawu awo ndi mayi Dorothy Masuka, obadwira ku Bulawayo mu 1935, bambo awo a ku Zambia. Anatchuka ku Johannesburg ali mtsikana, akudzipekera okha nyimbo. Koma nyimbo zomwezo, zina zodzudzula boma la tsankho, ina yolira Patrice Lumumba mu 1961, zinawathamangitsa. Anakhala zaka zambiri kunja, ndipo ku Zambia anafika pogwira ntchito yolandira alendo m'ndege. Taonani, ngakhale iwowo inafika nthawi yofuna ntchito ina. Anamwalira mu February 2019, patangopita mwezi umodzi chimwalirireni a Oliver Mtukudzi.

Khomo lina linali mahotela. Harare Mambos ya a Green Jangano inakhala zaka zambirimbiri ikuimbira alendo m'mahotela, mpaka ku Victoria Falls. Ntchito ya kuhotela achinyamata amaiderera, amati ndi kuimbira anthu amene akutafuna nyama osakumvetsera. Ine sindiiderera. Munthu woimba usiku uliwonse, mlendo aliyense akupempha nyimbo ya kwawo, amatuluka ali ndi nyimbo mazana m'mutu ndi khutu lakuthwa, komanso mwezi ukatha amalandira. A William Kashiri anachokera m'gulu limeneli, ndipo pambuyo pake anaimba mu Mbare Trio ndi a Friday ndi a Lovejoy Mbirimi. A Friday anali mphunzitsi wa sukulu. Choko masana, maikolofoni madzulo.

Tsopano tibwere kwa a masiku ano, mayina amene amapezekapezeka pa zikondwerero za jazi mu mzinda muno. A Filbert Marova, woliza piyano amene amasamutsira kalizidwe ka mbira pa piyano, ndi mmodzi wa amene anayambitsa Zimbabwe Jazz Community Trust, bungwe limene limakonza Zimbabwe Jazz Festival. Ndiye kuti munthu yemweyo amaliza piyano, amaphunzitsa, n'kumathamanganso ndi makalata opempha thandizo kuti chikondwerero chichitike. Mayi Prudence Katomeni-Mbofana anthu anayamba kuwadziwa ali mtsikana mu filimu ina yotchuka ya mu 1993, kenako anaimba ndi Jazz Invitation, ndipo anadzatsogoleranso sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads kuno. Sukulu yomweyi ili ndi inzake ku Lilongwe. Mayi Dudu Manhenga anachokera ku Bulawayo, anayamba ndi kuimba kumbuyo kwa ena, kuphatikizapo a Mtukudzi, asanayambitse Color Blu ndi amuna awo a Blessing Muparutsa, oliza ng'oma, ndipo pambuyo pake analowa ubusa. A Victor Kunonga ntchito imene anaphunzira ndi yojambula zithunzi za malonda, gitala inabwera pambuyo. A Tanga wekwa Sando ndi mwana wa ku Highfield amene anakakhala ndi kuphunzira ku America.

Malemu Kelly Rusike, amene anatisiya mu 2023, ndi chitsanzo chimene ndimachikonda. Anakulira ku Zambia, anabwera ndi abale ake a Rusike Brothers dziko litalandira ufulu, ndipo anali katswiri wa besi amene anayambitsa nawo Jazz Invitation ndi a Sam Mataure. Koma nyimbo ya banja limeneli imene mwana aliyense wa m'ma 1990 amaidziwa ndi ya malonda a ufa wa Ngwerewere pa TV. Pamenepo ndayankha zoti amadya chiyani. Amadya za nyimbo za malonda, za m'situdiyo, za maukwati, za maphwando a makampani, za kuphunzitsa ana a m'masukulu olipira. A Mataure nawo analiza ng'oma kwa a Mtukudzi kwa zaka zambiri, n'kukhalanso manijala wawo. Ena anaona kuti kuno sizikutheka n'kuwoloka Limpopo, monga a Louis Mhlanga, katswiri wa gitala amene anadziphunzitsa yekha. Kwathu ku Malawi nakonso n'chimodzimodzi, Erik Paliani dzina anakalipangira ku Johannesburg akugwira ntchito ndi Hugh Masekela.

Mukadzapitanso, musamangoyang'ana woimba wa kutsogolo. Muyang'ane wa besi. Ine ndinaonapo mnyamata mmodzi akuliza kumbuyo kwa magulu atatu otsatizana, chimene ankasintha ndi malaya okha. Pansi, pafupi ndi phazi lake, panali pepala long'ambidwa m'kope, lolembedwa manambala a makodi ndi cholembera chofiira, litapanikizidwa ndi foni kuti lisauluke. Woimba wamkulu atatembenuka n'kukweza zala ziwiri, mnyamatayo sanafunse kanthu, anangosuntha dzanja pa khosi la besi, nyimbo n'kukwera, wa ng'oma akumuseka. Atatsika anakulunga yekha zingwe zake mofulumira, chifukwa m'mawa mwake ankayenera kukaliza kutchalitchi pa mapemphero oyamba. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anthu ngati ameneyu mayina awo salembedwa pa positala, koma foni yawo ndiyo imalira kwambiri, ndipo kawirikawiri mwezi ukamatha amapeza bwino kuposa mwini chimbale.

Chimene chavuta m'zaka zapitazi ndi malo oimbira. Book Café, imene malemu Paul Brickhill anatsegula pa Fife Avenue mu 1997, pamodzi ndi Mannenberg pafupi pake, inali sukulu yeniyeni. Wachinyamata ankakwera pasiteji pambali pa akuluakulu, kulakwitsa, kudzudzulidwa, sabata yotsatira n'kubweranso. A Brickhill, amene nawonso ankaliza sakisofoni, anamwalira mu 2014, ndipo Book Café inatsekedwa mu 2015. Jazz 105 ya a Josh Hozheri, kumene kunkachokera Winter Jazz Festival, nayonso kulibe. HIFA, chikondwerero cha zaluso chimene chinayamba mu 1999 ndipo chinkabweretsa akatswiri akunja ku Harare Gardens, inaima itachitika mu 2018. N'chifukwa chake chikondwerero chimene munapitako chili chofunika kwambiri kwa oimbawo, koma dziwani kuti ndi madzulo amodzi kapena awiri pa chaka. Lendi ya miyezi 12 siingachokere pamenepo.

Nanga mwana wanu? Maganizo anga ndi awa, mutengepo zimene zikuthandizeni. Musamuletse. Kutchalitchi kumene aliko ndi kumene oimba ambiri a jazi a masiku ano anayambira, ndipo khutu limene wapeza potsatira mayi wa chigwirizano amene wayambitsa nyimbo pa kiyi yakeyake ndi chuma chimene koleji sigulitsa. Koma khutu lokha silikwanira. Aphunzire kuwerenga nyimbo zolembedwa, chifukwa ntchito zolipira bwino, za m'situdiyo, zophunzitsa, za kunja, zimapita kwa amene angapatsidwe pepala lero n'kuliza mawa. Zimbabwe College of Music pafupi ndi Rotten Row imaphunzitsa jazi, Music Crossroads iliponso, ndipo angathe kuyamba ndi maphunziro a Loweruka asanasiye china chilichonse.

Za akauntizo asazitaye, ndipo pamenepa ndili mbali yanu, ngakhale chifukwa changa chingasiyane ndi chanu. Oimba athu ambiri anafa osauka nyimbo zawo zikulira pa wailesi chifukwa ankasaina mapepala osawerenga, kapena sankasaina n'komwe. Woimba wodziwa kulemba mgwirizano, kufuna theka la ndalama asanakwere pasiteji, ndi kulembetsa nyimbo zake ku ZIMURA, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo, sapusitsidwa wamba. Bandi iliyonse mu Harare ikusowa munthu wotere.

Poti ndi mtsikana, pali zina zoti mukambirane poyera, mayi ake ali pomwepo. Ntchitoyi ndi yausiku. Adzabwerera bwanji ku Mufakose makombi atasiya kuyenda, kiyibodi ili paphewa? Akuimba ndi ndani, ndipo mumawadziwa? Alipo okonza zoimbaimba amene amalonjeza mtsikana siteji akufuna zina. Amayi amene ndawatchula aja anadutsa m'zimenezi, ndipo ambiri a iwo sakana kulangiza wachinyamata wowafikira mwaulemu.

Choyamba kuchita n'chapafupi. A Zimbabwe Jazz Community Trust amakonzanso masiku oimba apakati pa chaka, kumene achinyamata amapatsidwa mpata. Mufufuze pa Facebook tsiku lotsatira, mupite naye, ndipo apemphe kuliza nyimbo imodzi ndi anthu amene sanayesererepo nawo. Akatsika mumufunse ngati akufuna kubweranso mwezi wamawa, kenako mupite nonse kwa woliza piyano wa tsikulo mukamufunse ntchito imene amagwira Lolemba m'mawa.