Kwa achemwali amene akufuna kuyenda wapansi mu Trier kwa tsiku limodzi

Achemwali, mwafunsa ngati n'kotheka kuona malo akale a mu mzinda wa Trier ku Germany kwa tsiku limodzi mukuyenda wapansi, komanso mwafunsa za malo ogona otsika mtengo. Za malo ogonazo ayankhe ena, ine ndikamba za kuyendako.

N'kotheka ndithu, koma osati monga akunenera ena kuti maola atatu akukwanirani ndipo masana mukhoza kukwera sitima ya ku Luxembourg. Amene akunena choncho ayenera kuti anangoima pa Porta Nigra, n'kujambulitsa chithunzi, n'kubwerera. Chipata chimenechi, chomwe Aroma anamanga cha m'ma 170, chili pa mtunda wa mphindi ngati khumi kuchokera pasiteshoni, ndipo chinapulumuka chifukwa munthu wina wodzipatula dzina lake Simeon anakhalamo mpaka pamene anamwalira mu 1035, kenako anthu anachisandutsa tchalitchi, kufikira Napoleon, mfumu ya ku France, atalamula mu 1804 kuti zimene anawonjezera pa chipatacho zichotsedwe. N'choyenera kuchiona, koma musathere m'mawa wonse pamenepo.

Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi malo akutali amene amatsekedwa msanga. Pitani kaye ku Amphitheater, bwalo limene anthu ankaonera amuna akumenyana ndi zilombo, lomwe lili m'munsi mwa phiri la Petrisberg, miyendo idakali ndi mphamvu, chifukwa kuchokera pasiteshoni ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola. Pobwerera mudzafika ku Kaiserthermen, malo osambira amene Aroma anayamba kumanga koma sanawamalize monga anafunira. Kumeneko musakhutire ndi makoma a pamwamba okha, tsikirani m'njira za pansi pa nthaka zimene anakumbira antchito osonkha moto, pakuti ndi mmene mudzamvetse kukula kwa ntchitoyo. M'miyezi ya November mpaka February malo a Aroma amenewa amatsekedwa cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo mdima umagwa posakhalitsa, choncho wochedwa kunyamuka amapeza zipata zotseka.

Malo amene ndimawakonda koposa ndi Konstantinbasilika, holo imene mfumu Constantine inkalandiriramo alendo, yomangidwa cha m'ma 310. Kunja kwake ndi njerwa chabe, ndipo anthu ambiri amangoilambalala, koma mukalowa mudzapeza chipinda chimodzi chotalika mamita pafupifupi 67 ndi chokwera mamita oposa 30, popanda mzati ngakhale umodzi wochirikiza denga. Khalani pansi mphindi zingapo musanatulutse foni. Masiku ano ndi tchalitchi cha Apulotesitanti, kulowa ndi kwaulere, koma nthawi ya mapemphero alendo sayendayenda, ndipo m'nyengo yozizira chimatsegulidwa maola ochepa, choncho onani nthawi yake musanakonze ulendo. Kuchoka pamenepo, tchalitchi chachikulu cha Dom ndi china choyandikana nacho cha Liebfrauenkirche zili pafupi kwambiri, ndipo nazonso salipiritsa.

Chenjezo langa lalikulu ndi la njinga zakapalasa, ndipo ndikulinena ndi mtima wonse. M'mbali mwa misewu ikuluikulu, njira ya oyenda pansi nthawi zina imagawidwa pawiri, mbali ina, yomwe kawirikawiri imakhala yofiirira kapena yolembedwa chizindikiro cha njinga, ndi ya okwera njinga okha. Mlamu wanga anaimirira pa mbali imeneyo akuyang'ana mapu pafoni, ndipo mnyamata wina wothamanga kwambiri anawagunda pamkono n'kuwagwetsa pamiyala. Bondo linatupa, ulendo wathu unathera pomwepo, ndipo mnyamatayo anangokalipa n'kumapita. Njinga zimenezi sizimveka zikamabwera, ndipo okwerawo amayembekeza kuti inu ndinu mupatuke. Musanaime kuti mujambule kapena muwerenge chikwangwani, yang'anani pamene mwaponda. Musawolokenso msewu nyali ili yofiira ngakhale kulibe galimoto, chifukwa ndi mlandu wolipitsa.

Valani nsapato zafulati zimene munazizolowera kale, popeza misewu yambiri ya m'kati mwa tauni ndi ya miyala yoyalidwa, yomwe imaterera mvula ikagwa, ndipo makwerero a mu Porta Nigra ndi opapatiza.

Pa nkhani ya ndalama, malo ambiri a Aroma amalipiritsa mayuro ngati 4 mpaka 6, ndipo ngati mukufuna kulowa angapo funsani za tikiti yophatikiza yotchedwa AntikenCard. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Rheinisches Landesmuseum, mmene muli ndalama zagolide za Aroma zoposa 2,500 zimene zinafukulidwa mu 1993, imafuna mayuro pafupifupi 10, koma Lolemba imakhala yotseka. Lamulungu nalonso masitolo satsegula, choncho madzi ndi kamba gulani Loweruka. M'malesitilanti a pa bwalo la Hauptmarkt madzi akumwa sapereka aulere, ndipo botolo lalikulu likhoza kufika mayuro 6 kapena 7. Nyamulani ndalama zachitsulo, chifukwa zimbudzi zambiri zimafuna masenti 50 kapena yuro imodzi, ndiponso malo ena ang'onoang'ono salandira khadi.

Nthawi ikatsala, nyumba imene Karl Marx anabadwiramo mu 1818 ili mu Brückenstraße, panjira yopita ku Römerbrücke, mlatho wa pa mtsinje wa Mosel womwe mizati yake ndi ya Aroma ndipo magalimoto amadutsapobe mpaka lero. Botolo lapulasitiki la madzi ogula m'sitolo musalitaye, libwezeni m'makina a musitolo ndipo adzakubwezerani masenti 25.