Kapinga wofiirira ku Nchalo: wafa kapena wangogona?

Bambo ena a ku Nchalo atilembera imelo. Akuti angolowa kumene m'nyumba yawoyawo ndipo anapeza kapinga pabwalo. Anamutchetcha ndi chikwakwa mpaka pafupi ndi dothi kuti asamavutike pafupipafupi, koma patangotha sabata bwalo lonse linafiirira. Akufunsa ngati wafa, komanso ngati n'koyenera kugula makina otchetchera.

Bambo, yambani mwakumba pang'ono ndi mpeni. Mukapeza timitsitsi toyera, tolimba, toyanga pansi pa dothi, kapingayo ali moyo, wangogona. Timitsitsito tikamathyoka ngati udzu wofolera nyumba, wafa; pamenepo mudzabzalenso mvula ikakhazikika mu Disembala, podula kapinga wamoyo m'zidutswa ndi kuzikwirira motalikirana masentimita 20.

Chamupweteka ndi kutchetcha motsika kuja. Kuno ku chigwa, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo masamba ndiwo mthunzi wa mizu. Mukawameta onse, dzuwa limawotcha dothi mwachindunji. Musamadule kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake: akafika masentimita 7, dulani atsale masentimita 5, pafupifupi zala zitatu zogundana. M'dzinja izi zimafuna kutchetcha sabata iliyonse. M'chilimwe mutha kudutsa masabata atatu osamukhudza. Tchetchani madzulo udzu utauma, osati masana dzuwa likuswa mtengo.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Kuti kapinga akhale wobiriwira nyengo yotentha amafuna malita pafupifupi 25 pa sikweya mita iliyonse pa sabata. Bwalo la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi limamwa malita 1,250, ndowa za malita 20 zoposa 60. Ife timati ndi bwino kusankha kachigawo ka pakhomo n'kukasamalira mokwanira, kwinako kugone kudikira mvula, kusiyana n'kuwaza timadzi ponseponse. Kuwaza tsiku ndi tsiku kumakokera mizu pamwamba pomwe pamatentha. Thirirani kawiri pa sabata, m'mamawa, madzi alowe. Ngati dothi lanu ndi makande, lija lakuda long'aluka m'chilimwe n'kumamata ku mapazi m'dzinja, thirirani theka, dikirani ola limodzi, kenako mumalize, apo ayi madzi amangothawira m'ming'alu kapena kuyenderera pamwamba.

Lawaninso madzi a pa mjigo wanu. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere. Mukaona zoyera ngati ufa pamwamba pa dothi likauma, ndi mcherewo. Pamenepo thirirani ambiri nthawi imodzi kuti autsitsire pansi pa mizu, ndipo musathire feteleza mpaka mvula itatsuka dothi.

Chakudya chabwino ndi manyowa a ng'ombe owolerana bwino, osefa, omwazidwa mopyapyala kuti nsonga za udzu zizionekabe. Aawisi amawotcha ndipo amabweretsa njere za udzu wina. Mukafuna feteleza, thirani CAN magalamu 20 pa sikweya mita kapinga akayamba kuphukira, masamba atauma, n'kuthirira nthawi yomweyo. Urea pa dothi lotentha amauluka, wotsalayo amasiya zigamba zopsa. Udzu wotchetcha ukakhala wambiri, usonkhanitseni mukauwoletse kutali ndi nyumba, chifukwa milu youma imaitana chiswe. Dawe muzimuzula ndi timbatata take, kumudula pamwamba amaphukanso.

Za makina, pa bwalo laling'ono chikwakwa chonola bwino chimakwana, bola dzanja lizolowere kusatsika. Ubwino wa makina ndi woti msinkhu umakhala umodzi. Mukagula a petulo, yang'anani oyilo musanalize, ndipo fyuluta ya mpweya muziigwedeza pafupipafupi popeza fumbi la kuno limaitseka msanga, injini n'kumazima yokha. Tolani miyala ndi mawaya pabwalo, ana akhale patali. Musanagwire mpeni wa pansi, chotsani waya wa pulagi, ndipo popendeketsa makinawo mbali ya fyuluta iyang'ane kumwamba kuti oyilo asalowemo. Mukatchetcha, thyolani tsamba limodzi muliyang'anitsitse: nsonga ikakhala yonyenyeka, ya ulusiulusi, n'kuyera m'mawa mwake, mpeniwo wabuntha, kaunoletseni.