Tichoke ku Lilongwe tibwerere ku Dedza? Yankho kwa mayi wa ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25, ndi telala, amasokera pakhonde la shopu ya munthu, ali ndi ana awiri a ku pulayimale ndipo bambo akunyumba ndi mlonda pakampani ina. Akuti alandilodi akweza lendi kawiri chaka chino chokha, makala akwera, minibasi yakwera, ndalama ikumatha mwezi usanafike pakati moti ayamba kale kutenga katapila. Kwawo ndi ku Dedza chakufupi ndi Bembeke komwe kuli munda wa malemu mayi awo. Ndiye akufunsa kuti tilongedze tizipita kapena tipirire?

Achemwali, poyamba ndikuuzeni kuti simukulephera moyo ayi. Kwacha anayigwetsa ndi 25% mu Meyi 2022, kenako a Reserve Bank anadzayigwetsanso ndi 44% mu Novembala 2023, chichokereni pamenepo zinthu m'mashopu zangokhala zikukwera koma malipiro a mlonda akuyenda ngati nkhono. Ndiye mukamagona osapeza tulo musamadziimbe mlandu.

Koma ndili ndi nkhawa imodzi ndi kalata yanu. Mwalemba bwinobwino zonse zomwe zidzatchipe mukapita kwanu, lendi palibe, nkhuni, kachewere, kabichi ndi tomato zomwe kuno timagula modula pomwe ku Lizulu zili mbwee m'mbali mwa msewu, zonsezo ndi zoona. Chomwe simunalembe ndi choti ndalama izichokera kuti. Shuga, sopo, mafuta ophikira, feteleza, mayunitsi a foni, ulusi ndi singano zanu zomwe, izi sizitchipa kumudzi, zina zimadulirako chifukwa zimachita kubwera pagalimoto kuchokera m'tauni momwemuno.

Ine ndinachitapo zimenezi, ndinachoka ku Kawale kupita kwathu mu Disembala mvula itayamba kale, m'nkhokwe mulibe ngakhale chitsononkho changa. Ndimakumbuka tsiku lina mu Febuluwale nditakhala pamkeka ndi kope lomwe ndimalembamo ngongole, masamba atatu odzaza ndi mayina a anthu oti anditengera katundu pa kawokala kanga, aliyense akuti ndidzakupatsani tikakolola, ndipo samanama, analibedi. Mayi wina anabwera ndi mbale ya nyemba atavindikira ndi kansalu kuti ndichotsereko pa ngongole yake ya sopo. Ndinalandira, tinadya, koma nyemba sungakapikulire katundu ku golosale. Kutauni anthu amalandira mwezi ndi mwezi ndiye telala amaonako kenakake pakutha pa mwezi uliwonse, kumudzi ndalama imabwera pokolola, kuyambira cha mu Epulo mpaka mwina Ogasiti, ikadutsa pamenepo mudzakhala mukungosoka zigamba. Mu Januwale palibe amene amasoketsa chilundu chatsopano.

Nkhani ya munda nayo musaitenge mopepuka. Munda wa kumudzi sukhala chigonere zaka zonsezi, alipo amene akulimapo panopa, kaya ndi mng'ono wanu kaya mwana wa azakhali, ndipo nayenso akudyera pomwepo. Pitani kaye mukakhale pansi ndi atsibweni anu, kenako kwa amfumu, mumve ndi makutu anu kuti gawo lanu likuyambira pati kulekezera pati, osangodalira zomwe anakuuzani pafoni. Komanso bambowo mwakambirana nawo mozama? Chifukwa uko akakhala mkamwini, munthu woti wazolowera kulandira yake pakutha pa mwezi, ena zimawavuta kwambiri ndipo ndaonapo mabanja akugwedezeka pa nkhani yomweyi. M'kalata yanu simunatchule maganizo awo olo pamodzi.

Ndiye maganizo anga ndi awa, kuchoka chokani ndithu, moyo wa katapila si moyo, koma musachoke nonse tsiku limodzi. Bambo asasiye ntchito, apeze kachipinda kamodzi kotchipirako kapena agawane lendi ndi mnzawo, inu mutsogole ndi ana ndi makina anu. Ndipo musathamangire kumudzi kwenikweniko, yambani mwaona pa Dedza boma kapena pa tuledingi senta pomwe pali aphunzitsi, anamwino, apolisi, anthu apamalipiro, komanso pafupi ndi masukulu chifukwa mayunifomu ndiye geni yeniyeni ya telala. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, ndiye mukasamuka cha mu Julayi kapena Ogasiti ana akatsekera, mupeza anthu akadali ndi ndalama za zokolola, ana ayamba chaka chatsopano pasukulu yatsopano osadukiza, ndipo mukhala ndi nthawi yososa kumunda mvula isanagwe. Kungoti Julayi wa ku Dedza mukumudziwa kuzizira kwake, ana obadwira ku Area 25 muwagulire majuzi ndi mabulangete ku kaunjika musananyamuke.

Ndikudziwa kuti makomo awiri ndi moto uwiri, mapoto awiri, ndipo kutalikirana ndi mwamuna kuli ndi mavuto ake omwe sindikufuna kuwabisa. Chomwe chikundilimbitsa mtima n'choti Dedza si kutali, ndi makilomita pafupifupi 85 pa M1, bambo akhoza kumabwera akapuma, ndalama azitumiza pa Mpamba kapena Airtel Money. Mudzipatse chaka chimodzi, mulime, mukolole, muwerenge matumba, muone ngati makina akubweretsa ya sopo ndi ya mchere ngakhale miyezi ya njala, zikatheka ndiye bambo atsatire.

Katapila uja mubweze musanasamuke, olo zitatengera kugulitsa sofa kapena TV, chifukwa ngongole imeneyo imabereka mwezi uliwonse ndipo ikakupezani muli ku Dedza opanda makasitomala idzadya mbewu ndi feteleza yemwe. Ndipo ngati pali wina m'nyumbamo amene amalandira thandizo ku chipatala cha Kamuzu Central pafupipafupi mundiuze, chifukwa pamenepo yankho langa lisintha, thiransipoti yopita ndi kubwera izikudyerani zomwe mwapulumutsa pa lendi.

Loweruka likubwerali ngati mungapeze ya minibasi pitani ku Dedza, muyende pamsika, muwerenge matelala alipo angati, muwafunse amasoka diresi ndalama zingati komanso khonde amalipira bwanji. Mukabwerako mundilemberenso tiwerengere limodzi.