Afika mutu 9 osagwirana dzanja, nanga vuto lili pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mtsikana wa ku Bembeke. Akulemba buku la achinyamata, ndipo mnyamata ndi mtsikana a m'nkhani yake, onse a Fomu 3, afika mutu 9 osagwirana ngakhale dzanja. Mnzake amene wawerenga akuti nkhaniyo ndi yozizira, aikemo mimba kuti pakhale phunziro. Akufunsa ngati amumvere.

Achemwali, kalata yanu yandibwezera kwathu.

Ine ndinakulira pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 ndiwo malire, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Mayi ankagulitsa kachewere ndi kabichi, ndipo basi ikangoima tinkathamangira ku mawindo ndi mabeseni. Ndili Fomu 3 panali mnyamata amene tikaweruka ankathandiza amalume ake kukazinga chipisi pachiwaya. Teremu yoyamba yonse tinkangopatsana moni. Yachiwiri anabwereka kope langa la Biology, n'kulibweza atalikutira bwinobwino ndi pepala la khaki. Mu Juni, chisanu chakwathu chija chitafika m'mafupa, ankandisungira kabenchi pafupi ndi moto wa chiwaya, iye n'kumayang'ana kumbali ngati sakudziwa kanthu. Mawu enieniwo anadzatuluka titamaliza kulemba MSCE.

Sikuti tinali amanyazi kuposa ena ayi. Pamalo pang'ono aliyense ndi diso. Ukaima ndi mnyamata pamjigo, nkhani imafika kwa azakhali ako iwe usanatule ndowa. Wa kabaza ndi msuweni wako, wa pachigayo ndi mkulu wa mpingo. Chikondi cha pamalo otere chimayenda monyang'ama, ndiye amene akuti buku lanu likuchedwa mwina sanakhaleko kwathu kuno.

Koma chimene chandisowetsa tulo si mnyamatayo. Ndi mnzanga, ndimutche Chisomo, ngakhale si dzina lake. Iye ndiye ankandiperekeza kuchiwaya kuti anthu asalankhule. Ankaima poteropo atakulunga manja m'chitenje, kudikira kuti ine ndimalize kuseka. Pobwerera nkhani inali yanga yokhayokha: wandiyang'ana bwanji, wanena chiyani. Sindinamufunsepo n'kamodzi komwe za kunyumba kwawo. Fizi inali itavuta kuyambira pomwe bambo ake anamwalira, ine osadziwa. Titatsegulira Fomu 4 malo ake anali opanda munthu, ndipo ndinamvera kwa amayi a pamsika kuti wapita ku Lilongwe kukagwira ntchito yam'nyumba. Mnyamata uja tinasiyana mwamtendere, sindimulira. Chisomo ndiye mpaka lero ndikadutsa pa Lizulu ndimamufunafuna m'maso mwa ogulitsa tomato.

Za mimbazo tsono. Ndatopa nazo nkhani zimene mtsikana akamwetulira patsamba 5, patsamba 30 ali ndi pakati, patsamba lomaliza akulira pamaliro. Sindikukana kuti zimachitika. Ku Dedza komweko Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati ambirimbiri a ana n'kuwabwezera kusukulu, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Vutolo ndi lenileni, ndipo amene ali ndi nkhani yake yoona ailembe. Chimene ndikukana ndi kusandutsa mimba chikwapu chokwapulira mtsikana aliyense amene mtima wake wagunda. Ife tinawerenga zoterozo, tinazimva pawailesi, tinaziona m'masewero a pasukulu. Kodi zinatiletsa kukonda? Zinangotiphunzitsa kubisa. Ndipo mwana wobisa, zinthu zikamuthina, safunsa munthu wamkulu. Ine ndimalakalaka ndikadawerenga buku limodzi lokha loonetsa mnyamata wodziwa kudikira ndi mtsikana wonena kuti "pakadali pano ayi", dziko osagwa.

Komanso anthu a m'mabuku athu azilankhula ngati ana asukulu, osati ngati aphunzitsi aakulu pa asembule.

Tsono chochita

Musamumvere mnzanuyo pa za mimba. Mumvereni pa mawu amodzi okha, akuti kuzizira. Werenganinso mitu 9 ija, muone ngati m'mutu uliwonse chinachake chasuntha pakati pa awiriwo, kaya ndi kope lobwerekedwa, kaya ndi njira yaitali imene asankha dala pochokera kuchigayo. Mutu umene palibe chasuntha, chotsani.

Mwatchulanso mongodutsa kuti mtsikanayo ali ndi mnzake womuperekeza. Ameneyo mupatseni mutu wakewake. Ndikufuna kudziwa chimene amadya madzulo, amene amamulipirira fizi, ndi zimene amaganiza ataima poteropo pachisanu. Mukalemba munditumizire, ndiwerenga usiku womwewo.