Mphepo ya ku Vaal isakubwezeni, achimwene

Achimwene, mwati Loweruka muli ndi mpikisano wanu woyamba woweza nsomba wa kalabu ku Vaal Dam, ku South Africa kuno, azanyengo akuti kudzawomba chimphepo, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kupita kapena kungodzikhalira pakhomo. Pitani. Kuno ku Gauteng Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi fumbi, mukati mudikire tsiku la bata anzanu adzakhala atakusiyani kutali. Damu lija ndi lalikulu, analimaliza mu 1938, ndipo mukaima cha ku Deneysville mphepo italusa, mafunde ake amakukumbutsani mwera wa ku Senga Bay, kungoti awa ndi amatope.

Malo oweza mumachita maere, simusankha. Mukagwera pamene mphepo ikukumenyani kumaso, musadandaule ayi. Mafunde akamamenya gombe amavundula matope, nyongolotsi ndi tizilombo tam'madzi timatuluka, ndiye nsomba za mtundu wa carp zimabwera kufupi kudzadya mopanda mantha chifukwa madzi ada. Imene imavuta ndi mphepo yozizira yochokera kummwera, ija imabwera usiku umodzi mpaka zala kuuma. Ikakhala imeneyo nsomba zimadya monyinyirika, chepetsani nyambo ndi chakudya chomwe.

Koma nkhani yaikulu ndi ya mtunda. Ine tsiku langa loyamba ndinaona anyamata akuponya kutali ngati akufuna kufika tsidya la Free State, nanenso ndinati sindingatsale. Mielie bomb yanga, chibulunga cha chakudya cha chimanga choumbira pa chingwe pafupi ndi mbedza kuti chikope nsomba, inkaphwanyikira m'malere, chimanga n'kumandibwerera kumaso. Ikapulumuka, inkagwa kumanzere, ulendo wina kumanja, mwina m'madzi a mnzanga woyandikana naye, mpaka anandiyang'ana diso lofiira. Chakudya chonse ndinamwaza m'damu lonse ngati ndikufesa mawere. Pambali panga panali bambo wina wachikulire, chipewa atamangirira ndi chingwe kuchibwano. Iye ankaponya pafupi, mwina mamita 40, malo amodzimodzi tsiku lonse, osathamanga. Pofika ku sikelo keepnet yake, neti yosungiramo nsomba zamoyo m'madzi, anainyamula anthu awiri. Ine ndinali ndi tinsomba tiwiri.

Ndiye chitani chonchi. Musanaponye koyamba, sankhani mtunda umene mungaufikire ngakhale mphepo itawonjezera mphamvu masana, chifukwa kawirikawiri imakula dzuwa likakwera. Pezani chizindikiro tsidya linalo, mtengo kapena nyumba, muziloza pamenepo nthawi zonse. Ikani kachizindikiro pa chingwe kuti mtunda usamasinthe. Carp akapeza mulu wa chakudya amaitanana, koma mulu umapangika ndi kuponya pamodzi mobwerezabwereza.

Mielie bomb ya tsiku la mphepo muiumbe yaing'ono, muifinye kwambiri ngati mukuumba mbamu ya nsima ya dzulo, ndipo madzi muthiremo ochulukirapo pang'ono kuti igwirane. Musapitirize muyeso, ikalimba ngati mwala sisungunuka pansi. Yesani imodzi m'mphepete muone nthawi imene ikutenga kuti imasuke. Mtovu ukhale wolemerapo kusiyana ndi wa masiku onse. Poponya musakweze m'mwamba, muziponya motsika, ndipo dikirani kamphindi kaja mphepo imapumira.

Nyambo ikangogwa, viikani nsonga ya ndodo m'madzi, kokani chingwe pang'onopang'ono kuti chimire ndi kuwongoka. Chikatsala pamwamba mphepo imachipinda ngati uta n'kukoka nyambo kuichotsa pa chakudya. Ndodo zikhale zotsika pafupi ndi madzi. Policeman wanu, kachizindikiro kolendewera pa chingwe kosonyeza kuti nsomba yadya, kaya ndi wa phala kaya wogula, akhale wolemera, apo ayi azingovina tsiku lonse inu n'kumadzuka pachabe. Mafunde amamugwedeza mwa kayendedwe kamodzi, koma nsomba ikadya amakwera molunjika kapena kugwa mwadzidzidzi. Mukakhala theka la ola mwazolowera kusiyanitsa.

Za nyambo sindichulukitsa, aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. M'madzi amatope ine ndimadalira fungo lamphamvu, adyo pa mbedza ina, nthochi pa inayo, floatie (kanyambo koyandama) wowala ndi kachimanga kamodzi. Ikayamba kugwira imodzi, sinthani zonse zifanane nayo. Udzu woyandama uzikoleka pa chingwe, muzichotsa msanga. Mlamba ukagwira musautaye musanafunse, makalabu ena amawerengera mtundu uliwonse wa nsomba. Funsaninso za chiwerengero cha ndodo ndi mbedza zololedwa, komanso chiphaso chowezera cha chigawo chimene mudzaime, popeza damuli lili m'malire.

Ambiri a ife carp tamudziwira kuno, kwathu boma linaletsa kumuweta poopa kuti angalowe m'nyanja n'kusokoneza chambo. Choncho musamukoke ngati chambo cha pa bwato. Milomo yake imang'ambika, ndipo pafupi ndi gombe, pamene funde likumukankha n'kumubweza, m'pamene ambiri amapulumukira. Masulani pang'ono drag, buleki ya chingwe ija, mulole funde limubweretse lokha mu neti.

Keepnet muikhomere zikhomo ziwiri pamalo akuya, isamagubuduzike ndi nsomba mkati. Ambulera ndi gazebo zisiyeni m'galimoto, yanga ndinakaitola m'bango itathyoka miyendo. Tengani jekete lochinga mphepo, magalasi oteteza maso ku mchenga, ndi tiyi wa m'fulasiki, chifukwa m'mawa ku Vaal kumazizira kuposa ku Dedza.