Za mawaya a gitala yanu, musathamangire 12

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga lonse. Mwati mwagula gitala ya magetsi ya mtundu wa Strat (Stratocaster) yokhala ndi tremolo (bridge yogwedezeka, chitsulo chija chogwira mawaya pa thupi la gitala), mwaimba miyezi ingapo, waya woyamba waduka ndiye mukufuna kusintha onse koma saizi simukuidziwa, komanso mwafunsa za amp ndi pedal ya overdrive, yokalipitsa sound ija. Za amp ndi ma pedal akuyankheni ena, ine ndingonena za mawaya chifukwa ndi pomwe ndinapsa napo. Ndaonanso awiri atatu akukuuzani kuti ikani 12 kuti sound inenepe. Chonde musatero, makamaka pa gitala imeneyo, komanso zala zanu zisanakhwime.

Choyamba manambalawa. Akamati 9, 10, 11 akunena kunenepa kwa waya woonda kwambiri uja, E wa pansi amene wakudukiraniyo. 9 ndi .009 ya inchi, 10 ndi .010, basi. Pa paketi amalemba nambala ziwiri, woonda ndi wonenepa, ndiye muona 9-42, 10-46, 11-48 kapena 11-49. Seti ya 9-42 mkati mwake mumakhala 9, 11, 16, 24, 32, 42 pomwe ya 10-46 mumakhala 10, 13, 17, 26, 36, 46. Ndi maso kusiyanako sikuoneka n'komwe, koma khosi la gitala limakumva. Waya wa 9 ukafika pa E umakoka pafupifupi makilo 6, wa 10 umapitirira makilo 7, wa 11 umayandikira 9. Mukaphatikiza onse 6, seti ya 9 imakoka makilo osafika 40, ya 10 cha m'ma 46, ya 11 imadutsa 50. Ya 12 ndiye imapitirira pamenepo. Katundu yenseyo akusenza ndi thabwa la khosi lija ndi masipuling'i ali kumbuyo kwa gitala, ndipo zonsezi anazichuna molingana ndi mawaya amene inabwera nawo.

Ine zinandichitikira chonchi. Gitala yanga yoyamba inali ngati yanuyo, tremolo yoyandama (yosagona pa thabwa), masipuling'i atatu, inabwera ndi 9. Munthu wina amene ndinkamulemekeza kwambiri pa kaimbidwe anandiuza kuti mawaya oonda ndi a ana, woimba weniweni amagwira 12. Ndinagula, kutatsala masiku awiri kuti tikaimbe pagulu, n'kuchotsa akale onse nthawi imodzi n'kuika atsopano. Kuyamba kutchuna, ndikamaliza E wamkulu n'kufika kwa woonda, wamkulu uja watsika kale. Kubwereza, chimodzimodzi. Ndinazungulira kangapo ndisanayang'ane bridge, nditayang'ana ndinapeza kumbuyo kwake kwanyamuka moti pensulo imalowa pansi pake bwinobwino, mawaya atalikirana ndi ma fret (tizitsulo topingasa pa khosi) moti barre chord, yodina mawaya onse ndi chala chimodzi ija, pa fret 7 imafuna dzanja lonse. Waya wa G umakanirira mu nut (kapulasitiki ka timipata kumutu kwa khosi, komwe mawaya amadutsa), ukapotoza kiyi sukusuntha, kenako umve "ting" wadumpha wapitirira note. E wamkulu sanalowe n'komwe mu kampata kake, anangokhala pamwamba, ndipo usiku womwewo ka pulasitiki ka nut kanathetheka m'mphepete chifukwa waya umakankha kuti ulowe. Tsiku loimba ndinachita kubwereka gitala ya mnzanga.

Kwa wokonza anaika nut yatsopano, anawonjezera masipuling'i kufika asanu, anamanga truss rod (chitsulo cha mkati mwa khosi choliwongola), anakonzanso intonation (kuti note zizikhala zolondola pa fret iliyonse), ndalama yake inali yogulira maseti angapo a mawaya. Gitala inachira koma dzanja ndi lomwe linayamba kudwala. Bend (kukankha waya kuti note ikwere) ya full tone, ndiye kuti ma fret awiri, pa G sinkafika, note imathera panjira, ndipo tikaimba maola awiri pamkono apa pamawotcha mpaka m'mawa. Ndinapirira miyezi iwiri n'kubwerera ku 10. Vuto lina linandidikira pamenepo, timipata ta nut yatsopano ija anatisema pa saizi ya 12, ndiye waya wa 10 umasewera mkatimo, ukamenya open string kumamveka kaphokoso ngati ka njuchi. Kukulitsa kampata n'kosavuta, kukachepetsa ndiye n'kovuta, nthawi zambiri umangogula nut ina. Ichi ndi chomwe anthu okuuzani kuti "ingoyesani 12, ikakukanani mubwerera" sakukuuzani.

Ndikudziwa komwe nkhani ya mawaya onenepa imachokera, aliyense amatchula Stevie Ray Vaughan, woimba blues wa ku America, kuti ankaimba 13. N'zoona. Koma ankatsitsa gitala yonse theka la tone kupita ku Eb, zomwe zimafewetsa mawaya, anali ndi manja amphamvu zedi, ankaimba tsiku ndi tsiku, komanso anali ndi munthu womukonzera magitala. Nanga bwanji satchula Billy Gibbons wa ZZ Top amene amaimba 7, waya woonda ngati tsitsi, koma sound yake palibe anganene kuti ndi yowonda? Tony Iommi wa Black Sabbath anaduka nsonga za zala ziwiri pa ngozi ya ku fakitale ali mnyamata, n'chifukwa chake ankagwiritsa mawaya opepuka kwambiri, koma heavy metal yonse imaloza kwa iyeyo. Kale mawaya oonda kunalibe m'masitolo, oimba ankatenga waya wa banjo n'kuika poyamba, enawo n'kuwasuntha malo amodzi, wonenepa kwambiri uja n'kumusiya, mpaka Ernie Ball anayamba kugulitsa maseti a Slinky mu 1962. Anthu ankachita kuvutikira kuti apeze mawaya ofewa, lero ife tikuthamangira olimba.

Sindikukana kuti waya wonenepa umasintha kamvekedwe. Pa clean, popanda overdrive, umamveka wodzaza pang'ono, sugwedera kwambiri ukaumenya mwamphamvu. Koma kusiyanako n'kochepa kuyerekeza ndi zomwe mungapeze pongosintha pick, kukweza kapena kutsitsa ma pickup (maginito omva mawaya aja) ndi sikuludiraiva, kapena kugwira bass ndi mid pa amp. Ndipo mukadzaika overdrive mukufunayo, mawaya onenepa kwambiri nthawi zambiri amachulutsa bass mpaka ma chord amamveka ngati matope, pomwe oonderako amatuluka bwino pakati pa bass gitala ndi ng'oma.

Chinanso chomwe sindinaone wina atakuuzani ndi kutalika kwa gitala. Kuchokera pa nut kufika pa bridge, Strat ndi Telecaster ndi mainchi 25.5 pomwe Les Paul ndi SG ndi 24.75. Waya womwewo pa gitala yaitali umalimba kwambiri kuti ufike pa note yomweyo. Ndiye mnzanu wa Les Paul akamati 10 ndi yofewa kapena 11 ilibe vuto, akunena zoona za gitala yake, pa yanu mumva zina.

Ndiye inuyo pangani izi. Ma Strat ambiri ndi makope ake amachoka ku fakitale ndi 9-42, mwina yanunso ndi choncho ngati mwini wake woyamba sanasinthe. Tengani waya wodukawo mupite nawo pogula, muuyerekeze, kapena wokonza aupime. Ngati ndi 9, gulani 9-42, Super Slinky ya paketi ya pinki ija kapena D'Addario EXL120, muike, simugwira china chilichonse pa gitala. Imbani nayo miyezi ingapo mukuphunzira ma bend ndi vibrato, chifukwa zimenezi zimaphunzirika bwino pa waya wofewa, khutu limazolowera kufikitsa note pamalo pake dzanja lisakulimbana ndi chitsulo.

Vuto la 9 lilipo, ndisakubisireni. Ngati muli ndi dzanja lolemera, makamaka ngati munayambira pa acoustic, mumafinya kwambiri ndipo note imakwera pang'ono, ndiye mupeza tuner ikuti zonse zili bwino koma D chord ikumveka yokhota. Pa ma fret aatali aja a jumbo ndiye zimanyanya. Komanso mukamenya E wamkulu mwaukali amayamba wakwera kenako n'kubwerera. Mukaona zimenezi, yesani kaye kupepukitsa dzanja, zikakanika kwerani sitepe imodzi yokha kupita ku 10-46, Regular Slinky kapena EXL110. Imodzi yokha, osadumpha.

Ine pano pa Strat ndinakhazikika pa 9-46 ndipo sindisunthanso. Ena amaitcha hybrid. Atatu oondawo ndi a seti ya 9, atatu onenepawo ndi a seti ya 10, ndiye lead imafewa, ma bend amafika osavutika, koma ukabwerera ku rhythm mawaya a bass sakugwedera ngati lamba womasuka. Kwa munthu woimba zonse ziwiri pa gitala imodzi sindinapeze ina yoposa imeneyi. Kuchoka pa 9-42 kupita pa iyi bridge imanyamuka pang'ono chabe, kungomanga tisikuluwu tiwiri ta kumbuyo togwira masipuling'i basi yabwerera.

11 ili ndi malo ake, ngati gulu lanu limatsitsa tuning ku Eb kapena ku D, pamenepo 9 imakhala lendelende ndipo 11 imamveka m'manja ngati 10 kapena kucheperapo. Oimba drop D (kutsitsa E wamkulu yekha kupita ku D) ambiri amakonda 10-52 kuti waya wotsitsidwayo usamagunde ma fret. 12 ndi 13 asiyireni a jazz amene sabenda kwenikweni ndi a metal otsitsa mpaka ku C. Maseti ena onenepa G wake amakhala wokulungidwa ngati D, ameneyo kumubenda full tone ndi nkhondo.

Mukasintha saizi, ngakhale sitepe imodzi, onani zinthu zitatu gitala itagona tsiku limodzi. Bridge kumbuyo isanyamuke kupitirira mamilimita atatu, ikapitirira tsegulani chivundikiro cha kumbuyo mumange tisikuluwu tiwiri togwira masipuling'i, pang'onopang'ono, mofanana mbali zonse, mukutchuna pakati. Kenako khosi, ikani capo (kopanira mawaya onse kaja) pa fret yoyamba, dinani E wamkulu pa fret yomaliza, muyang'ane mpata pakati pa waya ndi fret 8, uzikhala wochepa ngati kunenepa kwa waya wa 10 womwewo. Ukakula ndiye truss rod ikufuna kumanga, koma apa ndikupempheni, osapitirira kota ya kuzungulira nthawi imodzi, allen key ikhale saizi yake yeniyeni, ndipo ikalimba siyani pomwepo mupite kwa wokonza. Truss rod ikathyoka nthawi zambiri ndiye kuti khosi lonse lapita. Chomaliza intonation, menyani waya open kenako mudine pa fret 12, tuner ionetse note yomweyo, ikakwera saddle (kachitsulo ka pa bridge komwe waya umagona) ibwerere m'mbuyo kutali ndi khosi, ikatsika ibwere kutsogolo.

Za waya wanu wodukawo, wadukira pati? Anthu amathamangira kunena kuti 9 imaduka msanga, koma waya ukamadukira malo amodzimodzi vuto si saizi. Ukadukira pa bridge yendetsani chikhadabo pa saddle, mupeza kakuthwa kamene kakudya waya, ka sandpaper kosalala kwambiri kamathetsa zimenezo. Ukadukira ku kiyi onani m'mphepete mwa kabowo kolowetsa waya. Ukadukira pakati uli wakuda ndiye ndi dzimbiri la thukuta basi, unakalamba. Mukapanda kukonza kakuthwako ngakhale 11 idzadukira pomwepo.

Pogula samalani zinthu ziwiri. Musalole kupatsidwa mawaya a acoustic a mtundu wa golide aja, olembedwa bronze, eti poti onse ndi mawaya. Pickup ndi maginito, imamva chitsulo ndi nickel, bronze siimva, ndiye atatu onenepawo amamveka motsika pomwe oondawo akukuwa. Pa paketi pazilembedwa electric, nickel wound. Chachiwiri ndi mawaya achinyengo, alipo ambiri ovala paketi ya makampani odziwika. Mtengo ukatsika mpaka theka la womwe mumauona kwina konse, kaikirani. Ine ndinatsegulapo paketi yotero n'kupeza B ali ndi madontho a dzimbiri asanagwiridwe n'komwe, ndipo pa fret 12 sankalola kulowa tuning ngakhale usunthe saddle mpaka kumapeto. Okutidwa aja ngati Elixir amadula kawiri kapena katatu koma ngati manja anu amatuluka thukuta kwambiri amabweza ndalama yake, ngati ayi wamba akukwanirani, muzingowapukuta ndi kansalu kouma mukamaliza kuimba, pansi pa waya pomwe, osati pamwamba pokha.

Poika, poti tremolo yanu mwina ndi yoyandama, sinthani waya mmodzi mmodzi, kuchotsa, kuika, kutchuna, kenako wina. Kukulunga kawiri kapena katatu pa kiyi n'kokwanira kwa onenepa, oondawo onjezerani pang'ono, mizere izitsika pansi osakwerana. Mukatha kokani waya aliyense m'mwamba pang'ono ndi zala cha pa fret 12, tchunani, kokaninso mpaka asiye kutsika. Mu timipata ta nut pakanimo nsonga ya pensulo, zimathandiza kuti waya asakanirire. Ndipo gulani maseti awiri a saizi imodzi, ina izikhala m'chikwama cha gitala.

Jambulani bridge yanu cham'mbali kuti tione ngati yagona pa thabwa kapena yayandama, mujambulenso pomwe waya wadukira, ndikuuzani ngati 9-46 ingalowe osagwira masipuling'i.