Chovala cha msilikali wa m'mlengalenga: yambirani mkati, foam ibwere pambuyo

Talandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa owerenga athu amene amakonda kupanga zovala za asilikali a m'mafilimu ndi m'magemu a nkhondo za m'mlengalenga, ntchito ija amati cosplay. Mwachidule akuti:

"Ndinapanga chovala changa choyamba ndi EVA foam (mapepala ochindikala onga mphira, ofewa ndi opepuka): chisoti, chapachifuwa, za m'mikono ndi za m'miyendo. Pachithunzi chinkaoneka bwino, koma nditachivala maola awiri okha za m'ntchafu zinatsikira m'mawondo, zidutswa zomwe ndinamata pa suti yamkati zinamatuka, msoko wa kukhwapa unang'ambika, ndipo penti inachita ming'alu. Ndikufuna kupanga china. Ndiyambire pati?"

Zikomo achimwene. Pa mavuto anayi mwatchulawa, atatu gwero lake ndi limodzi: munayamba ndi zakunja, zamkati n'kuziganizira mochedwa. Chovala choterechi sichikhala pathupi chifukwa cha guluu ayi. Chimapachikika pa malamba, ndipo malambawo amatsamira pa mapewa ndi m'chiuno. Ndiye ulendo uno musagwire mpeni musanamalize suti yamkati ndi malamba.

Nsalu ya suti ikhale spandex, yomwe ena amaitcha Lycra, ya mtundu wotamuka m'litali ndi m'lifupi momwe. Pogula, tsinani masentimita 10 ndi kukoka. Ikafika 15 mbali zonse ziwiri, n'kubwerera m'malo mukaisiya, ndi yabwino. Munthu wamkulu amafuna mamita awiri ndi theka kapena atatu a nsalu ya masentimita 150 m'lifupi. Sankhani yakuda kapena yotuwa moderako, kuti mipata ya pakati pa zidutswa za foam izioneka ngati mthunzi. Patani yake imadulidwa yaing'ono kuposa thupi ndi gawo limodzi mwa magawo khumi pozungulira: chifuwa cha masentimita 100, nsalu 90. M'litali musachepetse kwambiri, apo ayi sutiyo izikukokani m'mapewa tsiku lonse.

Msoko wa kukhwapa uja tikuganiza kuti munausoka ndi sitichi yowongoka. Nsalu imatamuka, sitichi yowongoka siitamuka, ndiye mukakweza mkono ulusi ndi umene umaduka. Ikani makina pa zigizagi, mamilimita 2 m'lifupi ndi 2.5 m'litali, kapena sokani pa ovaloko, makina osoka motchinga m'mphepete mwa nsalu, ngati ilipo. Ulusi ukhale wa poliyesitala, ndipo singano ikhale yolembedwa stretch, nambala 75/11. Singano wamba imadumpha masitichi pa spandex, munthu n'kumanamizira makina kuti awonongeka. Posoka musakoke nsalu, ilekeni iziyenda yokha, chifukwa mukaikoka msoko umatuluka wamafundemafunde. Kukhwapa ndi pakati pa miyendo ikanipo kachigamba kooneka ngati daimondi ya pamakhadi, masentimita 15 m'litali ndi 8 m'lifupi, kuti misoko inayi isakumane malo amodzi pomwe pamakokeka kwambiri. Pomwe padzadutse zipi yambani mwamata kansalu kosatamuka kumkati, zipiyo isamapindike ngati njoka. Ndipo ngati n'kotheka sokani malaya paokha, thalauzi palokha. Suti yathunthu imakongola, koma mukafuna kupita kuchimbudzi muli ndi zidutswa khumi ndi ziwiri pathupi mudzatikumbukira.

Foam musaimatenso pansalu. Nsalu ikatamuka pansi pa chinthu chosatamuka, guluu amayamba kusiya m'mphepete mpaka chonse chitagwa. Komanso suti imamwa thukuta, iyenera kumachapidwa.

Tsopano malamba, pomwe pagona nkhani. Gulani lamba wa nayiloni wa mamilimita 25, ngati wa pachikwama chakumsana, mamita 6 mpaka 8, ndi zomangira zake za pulasitiki zija zimalira "kha" mukazilowetsa, zokwana khumi. Wa m'chiuno akhale wokulirapo, mamilimita 38 kapena 50. Kuchokera pa lamba wa m'chiunoyo, malamba awiri akwere kutsogolo, adutse pamapewa, apingasane kumsana, akatsikire pa lamba yemweyo kumbuyo. Kupingasako n'kofunika, chifukwa popanda iko amatsetsereka pamapewa. Chimenechi ndicho chimanyamula katundu yense.

Cha m'ntchafu chilichonse chipachikeni ndi malamba awiri, wina kutsogolo, wina m'mbali chakunja. Ntchafu ndi yaikulu kumtunda, yaing'ono kumunsi, ndiye ngakhale muthinitse bwanji, chovalacho chimafunafuna pocheperapo n'kutsika. Lamba mmodzi amaletsa kutsika koma saletsa kuzungulira, n'chifukwa chake timati awiri. Pakati pa lamba aliyense lumikizanipo lasitiki wochindikala wa masentimita 6 mpaka 8. Mukawerama kapena kuponda sitepe, lasitikiyo ndi amene amalandira kukokako m'malo moti lamba azuke pa foam. Za pamapewa nazonso zipachikeni ndi lasitiki ku malamba a pamapewa kuti zizinyamuka ndi mkono n'kubwerera. Za m'misongolo sizivuta, zimakhala pamwamba pa nsapato. Za m'mikono ikanimo tizidutswa ta siponji mkati kuti zigwire.

Posoka malamba sinthani singano, ikani yosokera jinzi, nambala 100/16. Polumikiza paliponse sokani bokosi, mkati mwake n'kusokamo X. Nsonga zonse zomwe mwadula ziwaulitseni pang'ono pamoto kuti zisayoyoke.

Nanga lambayo amagwira bwanji pa foam? Kalani kumkati kwa foam ndi sandipepa, pakani guluu wa contact cement pa foam ndi pa lamba, masentimita 6 mpaka 8, matani, kenako pamwamba pake matanipo chigamba cha foam ya mamilimita 2 chotuluka kunja kwa lambayo mbali zonse. Lamba agone molunjika komwe adzakokeredwe. Guluu ameneyu amalimba kwambiri akamakokedwa motsatira pomwe wamatidwa, koma amafooka akamakanganulidwa kuchokera kunsonga. Guluu wotentha wa mfuti uja musamudalire pamalo onyamula katundu, amafewa chovala chikakhala padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Velcro, timalamba tiwiri tija timagwirana tikakumana, kena kofewa kena kokakala, ndi yothandiza poletsa zidutswa kutembenuka, koma isanyamule kulemera. Mbali yake yofewa isokereni pa suti, pansi pake pali kachigamba kosatamuka, yokakala imatidwe pa foam. Mugule yosoka. Yokhala ndi zomatira kumbuyo imasiya ikakumana ndi thukuta, ndipo mukayesa kuisoka imapaka singano ulimbo.

Mukavala suti ndi malamba, apo ndiye mutenge patani ya foam. Wina akukulungeni pulasitiki yopyapyala yokutira chakudya, pamwamba pake tepi ya masking yokuta paliponse kawiri mopingasana. Jambulani maonekedwe a chidutswacho pa tepi, lembani timizere todutsa pamsoko uliwonse masentimita 3 kapena 4 alionse, ndipo dulani ndi sizasi yosasongoka. Pomwe patani ikukana kugona pansi, ing'ambeni pang'ono mpaka itagona. Timizere tija muzitikopera pa foam, chifukwa ndi timene tidzakuuzeni pokumanitsa mbali ziwiri zokhota.

Apa ambiri amalakwitsa masamu. Tepi yatenga muyeso wa khungu, koma foam ili ndi kuchindikala kwake. Foam ya mamilimita 10 ikakulungidwa imadya pafupifupi masentimita 3 a muyeso wozungulira, ndipo mpata wa theka la sentimita pakati pa thupi ndi foam umafuna masentimita enanso 3. Mkono wa masentimita 28 ufuna chidutswa cha 34. Onetsetsaninso kuti dzanja likulowa potulukira pake. Ngati mukugwiritsa ntchito mafayilo a Pepakura Designer, pulogalamu ya ku Japan yomwe imatambasula chithunzi cha 3D kukhala patani, konzani kukula kwa chidutswa chilichonse pachokha molingana ndi thupi lanu, ndipo posindikiza printa ikhale pa 100 peresenti.

Musanadule foam, dulani katoni n'kuvala. Khalani pampando, kwerani masitepe, gwirani nkhope ndi manja onse awiri. Chapachifuwa chithere m'munsi mwa nthiti, chikapitirira pamchombo chizikubayani pakhosi mukakhala pansi. M'lifupi chisafike kukhwapa, apo ayi manja sadzakumana kutsogolo. Pabondo, pachigongono ndi mphechepeche siyani mpata wa masentimita 3 mpaka 5. Pachithunzi cha m'gemu mipata imeneyi kulibe chifukwa zidutswa zimangolowana ngati mizimu. Munthu weniweni ali ndi mafupa.

Kudula ndi kumata mwina mukukudziwa kale, ndiye tingodutsamo. Zidutswa zikuluzikulu zimafuna foam ya mamilimita 8 mpaka 10, za m'mikono 5 kapena 6, zokongoletsa 2. Foam imabunthitsa mpeni msanga modabwitsa, ndiye muziunola mukadula kangapo. Mukaona m'mphepete mukutuluka manyingwenyingwe, mpeni wabuntha. Kumbukirani kutembenuza patani podula za mbali inayo, mungapezeke muli ndi za kumanzere ziwiri. Pofuna ngodya yakuthwa, pendeketsani mpeni madigiri 45 mbali zonse ziwiri. Pindani musanamate: yendetsani heat gun, chida chouzira mpweya wotentha kwambiri, masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pa foam mpaka iyambe kunyezimira pang'ono, ikanikizeni pa mbale kapena pa mpira, muigwire mpaka izizire. Mukatenthetsa mutamata kale, misoko imatseguka. Contact cement pakani wochepa mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi 5 mpaka 10 mpaka asiye kunyezimira ndi kutsalira pachala, kenako kumanitsani kuyambira kunja komwe kudzaonekere. Akagwira wagwira, sasunthanso. Fungo lake ndi loopsa m'mapapo ndipo limayaka, choncho gwirirani ntchito panja kapena povala masiki ya mafiluta a nthunzi za mankhwala, heat gun itazima. Timizere tooneka ngati polumikizira zitsulo timapangidwa pocheka mamilimita 1 kapena 2 okha n'kudutsitsapo kutentha, pochekedwapo pamatseguka pokha bwinobwino.

Vuto lachinayi, la penti, lili palokha. Foam imapindika, ndiye chilichonse chouma gwa chomwe mwapakapo chidzasweka. Imamwanso penti ngati siponji. Yambani ndi kudutsitsa heat gun paliponse kuti timabowo take titsekeke. Misoko yooneka itsekeni ndi acrylic caulk, phala lotsekera ming'alu, musalaze ndi chala chonyowa. Kenako mupake chophimba chotamuka: Plasti Dip yopopera katatu kapena kanayi mopyapyala, kudikira mphindi 30 pakati, kapena Flexbond yopaka ndi burashi. Guluu woyera wa matabwa ambiri amamukonda chifukwa savuta kupeza, ndipo pa chisoti amachita bwino, koma pa zidutswa zopindikapindika amachita makwinya ndi ming'alu. Pamwamba pakani penti ya acrylic, mopyapyala kangapo. Kupaka kamodzi mochindikala, kapena kupopera penti youma gwa ya galimoto, ndi kumene kumabweretsa ming'alu mwaiona ija. Yesani kaye pa kachidutswa kotsala, kaume usiku wonse, mmawa mukapinde pakati. Kakasweka, chovala chonse chidzaswekanso chimodzimodzi.

Chimene chimachititsa foam kuoneka ngati chitsulo ndi litsiro. Sungunulani penti yakuda ndi madzi ambiri, pakani paliponse, pukutani ndi kansanza kuti itsalire m'mizere ndi m'makona mokha. Ikauma, viikani burashi youma mu penti ya siliva, ipukuteni papepala mpaka ioneke ngati yatha, kenako muzikhudza nayo m'mphepete ndi pa nsonga, malo omwe chitsulo chenicheni chikanakalika. Mukapaka siliva pakati pa chifuwa popanda chomwe chikanakhula pamenepo, diso limazindikira bodzalo nthawi yomweyo.

Za chisoti simunadandaule, koma tinenepo pang'ono. Mkati musiye mpata wa sentimita imodzi ndi theka wa siponji, ndipo galasi lake likhale la PETG, pulasitiki yoonekera, ya theka la milimita mpaka milimita imodzi, yomwe imadulika ndi sizasi ndipo siisweka tizidutswa tolasa. Mpweya wanu udzalichititsa nkhungu pakangopita mphindi zochepa, ndiye bisani timabowo pansi pa chibwano ndi kumbuyo, muikemo kafani ka mamilimita 40 ka mavoti 5 koyendera power bank. Mukafuna magetsi a LED pa power bank yomweyo, iliyonse yoyera kapena yabuluu ikhale ndi resistor (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi) ya ma ohm 100, yofiira 150. Ma power bank ena amazima okha akaona kuti magetsi akukokedwa ochepa, koma fani ndi ma LED zikakhala pamodzi nthawi zambiri sazima. Foam imasunga kutentha kwa thupi mkati, choncho muzivula chisoti pafupipafupi ndi kumwa madzi.

Chovala chakale chija musachitaye. Sokani malamba kaye, mupachikepo za m'ntchafu zakalezo, muyende nazo m'nyumba ola lathunthu. Paliponse pomwe zikukhula kapena kukuletsani kupinda bondo lembanipo ndi choko, mudule, muvalenso. Zikakhala bwino, zing'ambeni m'misoko, muzigoneke papepala, ndipo imeneyo ndiyo patani yanu yatsopano.